Manja Ofewa pa Chigayo cha Suva

Suva ndi kamtsinje kosaopsa. Nyengo yotentha munthu amaoloka madzi osafika n'komwe m'mawondo. Koma m'mwezi wa June, chaka cha 1913, kamtsinje kameneka kanasanduka malire a magulu awiri ankhondo: tsidya lino Aserbiya, tsidya linalo Abulgariya. Pakamwa onse ankati ndi pachibale, poti miyezi ingapo m'mbuyomo anathamangitsira limodzi Atuluki. Chinavuta ndi kugawana nyama. Dziko limene analandalo aliyense ankafunapo ntchafu. Akuluakulu ankakangana m'mizinda yakutali, pamene asilikali wamba ankamwetsa akavalo padziwe limodzi, n'kumasinthana fodya ndi anyezi.

Kopolo Obrad Tanasić, wa gulu la Aserbiya, anali mlimi wa maplamu, bambo wa ana atatu, wosadziwa kulemba kupatula dzina lake. Koma mutu wake sunkataya kanthu. Nkhope akaiona kamodzi, basi yakhazikika. N'chifukwa chake pamene magulu awiriwa anazinga mzinda wa Odrin, iye ndiye ankatumidwa pabulu kukapereka makalata kwa akuluakulu a Abulgariya. Anayenda njira imeneyo miyezi isanu ya chisanu, mpaka anadziwa amene amalamula mnzake, amene amamwa, ndi amene amabisala mizinga ikayamba kulira. Tsiku lina matenda a nsabwe anamugwetsa pabulu pakati pa msasa wa Abulgariyawo. Lamulo linali lakuti wodwala azikaponyedwa m'khola lina lake, mmene anthu ankalowa koma osatuluka. Lefitenanti wawo wina, Tsanko Drenkov, anakana. Anamugoneka m'dzenje lake lomwe ankagonamo iye mwini, ndipo Velyo, wometa wa kampani yake ya asilikali, anamumeta mpala n'kumamumwetsa msuzi ndi supuni masabata atatu, uku akumutukwana.

Tsono rejimenti ya Drenkov, gulu lonse lalikulu la asilikaliwo, ndi imene inadzakhala tsidya lina la Suva, ndipo kampani ya Drenkov inamanga msasa pa chigayo cha madzi, pomwe Obrad ankatha kuona utsi wawo.

Lachinayi m'mawa anapempha chilolezo choti akaone anzake. Ankayembekeza kukanidwa. Koma Kaputeni Gvozden Rajić, amene ankagwirizira bataliyoni yonse chifukwa Meja anali gone ndi kolera, anangoti, "Pita. Usafulumire kubwerako."

Velyo anamuonera patali, ali pansi pa mtengo wa mtedza ndi kampando kake, lumo lili m'manja.

"Taonani yemwe akubwerayo! Mtembo wathu wa ku Odrin uja! Khala pansi, nkhumba iwe, ndikupale. Ndevu zimenezi mbewa zaswanamo kale."

"Upale bwino, kambuzi iwe," anatero Obrad akukhala. "Ulendo watha unandidula khutu."

"Khutu lako linali lalitali ngati la bulu wako. Ndinangolikonza, ndipo sunathokoze."

Velyo anali kamunthu kakafupi, ka ndevu zapamlomo zopotedwa bwino, kosatha kukhala chete. Kwawo anali ndi kanyumba kometera pafupi ndi msika, ndipo ankanyadira kuti chibadwire sanagwirepo khasu. Mfuti ankainyamula ngati ya wina. Anamupaka Obrad thovu, namufunsa za mkazi wake Stamena, za maplamu ngati abereka, namuuza kuti mkazi wake iye walemba kalata yodandaula kuti denga likudontha.

"Ndamuyankha kuti aike mphika. Ine ndili kuno ndikukulitsa dziko, iye akuti denga!"

Iwo akuseka choncho, Drenkov anatulukira kuseri kwa chigayo, malaya atavula, fosholo ili paphewa, thupi lonse dothi lokhalokha. Anali mwana wa munthu wosema miyala, ndipo unyota sunamuchotse chizolowezi chogwira ntchito ndi manja. Maofesala anzake ankamuseka kuti amakumba ngati mfuko. Anamugwira chanza Obrad, dzanja lake lokhakhala ngati khungwa.

"Wanenepa, Kopolo."

"Nyemba, bwana. Nanga ngalande mukukumbazi zayang'ana kuti? Atuluki ali uko, kum'mawa."

Drenkov sanaseke. Anayang'ana tsidya lina la mtsinje, kenaka pansi.

"Zayang'ana kumene andiuza kuti ziyang'ane," anatero. "Imwa rakiya, kachasu wathuyu, udye tchizi, ubwerere. Ndipo ndevu uzimetera kwanu, Obrad. Usaolokenso."

Atabwerako anapeza Kaputeni Rajić akumudikirira m'nyumba ya mlimi wina imene anaisandutsa ofesi. Patebulo panali mapu ndi mbale ya nyemba zouma. Pawindo panakhala mng'ono wake wa Kaputeni, Lefitenanti Milun, mnyamata wokonda kuimba, amene ankatsogolera kampani yoyamba yomwe inagona m'mphepete mwenimweni mwa madzi.

"Akumeta bwino," anatero Kaputeni. "Tsopano tandiuza. Rejimenti yawo ili ndi mabataliyoni anayi, eti? Nyemba iliyonse ndi kampani imodzi. Ziike pamene zili."

Obrad sanaone choipa. Ndipotu anamva kukoma kuti munthu wa nyota akufunsa nzeru kwa iye. Anayamba kuyala. Bataliyoni yoyamba ili paphiri la minga, mtsogoleri wake ndi Meja wonenepa uja wodwala miyendo, amene sakwera phiri, amalamulira ali pansi pa ngolo. Yachiwiri ili m'munda wa fodya, ya Kaputeni wa diso limodzi, munthu woopsa, asilikali ake amamuopa kuposa imfa. Yachitatu ndi imene yagwira chigayo ndi mlatho wamatabwa. Yachinayi sanaione, koma anaona ophika ake akutunga madzi, ndiye kuti ili kuseri kwa tchalitchi. Mizinga isanu ndi umodzi yabisidwa m'chimanga, chifukwa akavalo ake anawazindikira.

"Akavalonso umawadziwa!" anaseka Milun. "Achimwene, munthu uyu mumupatse nyota, atilamule tonse."

"Nanga pachigayo pali yani?" anafunsa Kaputeni.

"Lefitenanti Drenkov, bwana. Munthu wabwino kwambiri."

"Sindinafunse za ubwino wake."

Lamulungu masana maofesala a mbali zonse ziwiri anadyera limodzi nyama ya nkhosa pansi pa misondodzi, tsidya lino. Anajambulitsa chithunzi atakolekana mikono. Milun anaimba, Drenkov anamuombera m'manja.

Lolemba kusanayere bwino Abulgariya anaoloka Suva, osaliza lipenga, mipeni ili kunsonga kwa mfuti. Kampani ya Milun anaipeza ili m'tulo. Mwa anthu oposa mazana awiri, amene anafika pamwamba pa phiri sanakwane makumi asanu, ambiri opanda nsapato. Otsalawo anasimba kuti amene anawagwera anachokera kuchigayo.

Nkhondo inakula masiku awiri. Obrad anaona ndi maso ake mizinga ya kwawo ikulavula moto ndendende pamalo pomwe iye anaika nyemba: m'chimanga muja, kuseri kwa tchalitchi, pansi pa phiri pomwe panali ngolo ya Meja wodwala miyendo. Oombera mizinga ankamusisita pamsana pomudutsa. Iye ankangowazemba. Lachiwiri madzulo Aserbiya analandanso gombe lawo, ndipo Milun anamupeza m'bango, atavala malaya amkati okha, mabala asanu ndi awiri pamimba ndi pachifuwa, ntchentche zili ng'waa. Kaputeni Rajić sanalire. Anavula jekete lake, nafunditsa mtembowo, napempha fodya.

Lachitatu m'mawa anaoloka mtsinje n'kulanda chigayo. M'chipinda chosungira ufa anatulutsamo anthu makumi atatu ndi mmodzi, manja ali m'mwamba, oyera mbuu ndi ufa ngati mizukwa. Anawaimika pabwalo mizere itatu. Dzuwa linali litayamba kale kuluma.

Sajeni Vučeta, nkhalamba ya nkhondo zitatu, anayenda pakati pawo n'kubwerera akupukusa mutu.

"Palibe wa nyota, bwana. Onse majekete a asilikali wamba. Koma taonani ichi, ndachitola m'ngalande ya madzi."

Linali jekete la ofesala, nyota zitathotholedwa.

Kaputeni anatulutsa wotchi, naiyang'ana, naibweza m'thumba.

"Muitaneni Tanasić."

Obrad anali atamuona kale Drenkov. Anali mumzere wachiwiri, wachinayi kuchokera kumanzere, atavala jekete lomuthina la munthu wina, chipewa atachikokera kumaso. Velyo anali kutsogolo, ndevu zake zija zitagwa. Atamuona Obrad maso ake anawala ngati waona mbale wake pamsika.

"Iwe umawadziwa mpaka akavalo awo," anatero Kaputeni. "Ndionetse mwini jekete ili."

Obrad anayenda pang'onopang'ono kutsogolo kwa mizere ija, akuyang'ana nkhope iliyonse ngati akufufuzadi. Ankawadziwa pafupifupi onse. Uyu ankamugawira fodya, uyu ankasamala bulu wake iye ali chigonere. Atafika pa Drenkov sanaime.

"Palibe ofesala pano, bwana. Mwina anafa, kapena anathawa."

"Wayang'ana bwino?"

"Ndayang'ana, bwana."

Kaputeni anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamwetulira kumbali imodzi.

"Chabwino. Maso a kopolo wanga afooka. Sajeni, auze atambasule manja. Jekete munthu amasintha, koma manja sasintha. Wogwira cholembera ndi wogwira khasu amasiyana."

Anayenda yekha, akugwira chikhatho chilichonse ndi nsonga ya chikwapu chake. Ambiri anali alimi ndi abusa a nkhosa, manja ong'ambika ngati nthaka ya chilala. Pa Drenkov anaima, natembenuza dzanja lija, naona zikhadabo zothyoka ndi zipsera za fosholo, napitirira. Anatulutsa anthu atatu. Woyamba anali telala wina wowonda wa magalasi. Wachiwiri anali kalaliki wa kampani, wa inki kuchala. Wachitatu anali Velyo.

Kaputeni ananunkhiza dzanja la Velyo.

"Sopo. Ife tikununkha ngati mitembo, uyu akununkhira sopo. Ndevunso zopota. Mwadzuka bwanji, bwana Lefitenanti?"

"Ine? Ine Lefitenanti?" Velyo anayesa kuseka, mawu ake n'kutuluka ngati a nkhuku. "Bwana Kaputeni, ine ndine wometa! Ngakhale mbuzi sizingandimvere. Obrad! Obrad, m'bale wanga, tawauza! Si ndakumeta Lachinayi lapitali? Taonani tsaya lakelo, bwana, ntchito yanga imeneyo!"

Asilikali ena anaseka. Obrad anatembenukira kwa Kaputeni.

"Ndi zoona, bwana," anatero. "Ndi wometa. Winayo ndi telala, winayo amalemba mayina. Palibe ofesala pa atatuwa."

"Ohoo." Kaputeni anatembenuka bwinobwino. "Ndiye maso abwerera. Wometa ukumudziwa, telala ukumudziwa, koma munthu amene unagona m'dzenje lake masabata atatu wakusokonekera. Tanasić, mng'ono wanga Lamulungu anamuthirira vinyo munthu ameneyo ndi dzanja lake. Ali pano. Ine ndikudziwa, iwe ukudziwa, agalu awa akudziwa." Anayang'ananso wotchi. "Ndilibe nthawi. Malinga ndi manja, maofesala anga ndi atatuwa. Ukandipatsa weniweni, awa abwerera mumzere."

Kenaka anakweza mawu kuti onse amve, poti zilankhulo ziwirizi n'zapachibale, sizifuna womasulira.

"Lefitenanti Drenkov! Akuti mumakonda anthu anu, mumakumba nawo limodzi. Tulukani, muwaombole."

Madzi okha ankamveka akugwa pa gudumu la chigayo. Obrad sanayang'ane mzere wachiwiri, koma khutu lake lonse linali kumeneko, kudikira phazi limodzi kuti lisunthe. Ankamudziwa Drenkov. Munthu amene anakana lamulo chifukwa cha mlendo wodwala sangalole telala kufa m'malo mwake. Atuluka. Angokoka mpweya kaye.

Phazi silinasunthe.

Kaputeni anasolola mfuti yake yaing'ono, naiika pakhutu la telala, n'kuomba. Magalasi anagwera patali. Munthuyo anakhala pansi ngati watopa, kenaka anagwa chammbali, mwendo umodzi ukupalasa fumbi.

"Mayo ine! Mayo!" Velyo anagwada, manja ali pamutu. Anatembenuzira nkhope kumizere ija. Sanatchule dzina, sanaloze chala, anangolira kwa onse pamodzi. "Bwana, chonde! Mukundimva, bwana! Zaka ziwiri ndakhala nanu, sindinakulakwireni. Ndili ndi ana aakazi anayi, mukuwadziwa mayina. Bwana!"

Obrad anayang'ana tsopano. Drenkov anali ataweramitsa mutu, thukuta likulemba mizere mu ufa wa pankhope pake, nsagwada zitalumana. Maso ake anali pa nsapato zake. Anthu a m'mbali mwake anali atamutalikira pang'ono, osadziwa kuti akutero.

Kaputeni anasuntha, naima pambuyo pa kalaliki.

"Mzere wachiwiri," anatero Obrad. Mawu anatuluka okha. "Wachinayi kuchokera kumanzere."

Asilikali anamukoka Drenkov, namugwetsa chipewa. Podutsa pafupi ndi Obrad sanamuyang'ane. Kaputeni anamuimika pakhoma la chigayo, namuyang'anitsitsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati munthu amene wapeza chakudya atakhala ndi njala masiku atatu ndipo sakufuna kuchimeza msanga.

"Unamubaya ndiwe?"

"Ndinalandira lamulo usiku womwewo," anatero Drenkov motsitsa. "Linachokera kwa Meja, iyenso analandira kwa Kolonelo. Inunso mukanachita chimodzimodzi."

"Ndafunsa ngati unamubaya ndiwe."

"Kunali mdima. Sindikudziwa amene anabaya yani."

Kaputeni anamumenya ndi chikwapu kumaso, kawiri, kenaka anabwerera m'mbuyo mapazi atatu n'kukweza mfuti.

"Kaputeni Rajić!"

Pachipata panaima kavalo wofiira, ndipo pamsana pake panali ofesala wa kulikulu la rejimenti, wovala zoyera bwino ngati akupita ku ukwati, magolovesi ali m'manja. Pambuyo pake pankabwera ngolo ya akavalo awiri, momwe munakhala kale maofesala awiri a Abulgariya, wina akusuta ndudu. Apa m'pamene Obrad anamvetsa chifukwa chake Kaputeni ankangoyang'ana wotchi.

"Mwalandira pepala la Kolonelo m'mawa uno," anatero wa pakavaloyo. "Ofesala aliyense wogwidwa apite kulikulu wamoyo, akafunsidwe. Ndikuzungulira mabataliyoni onse. Uyu ndi ofesala?"

Kaputeni sanatsitse dzanja.

"Uyu wapha mng'ono wanga."

"Pepani kwambiri, ndamva. Anali mnyamata wabwino. Koma Kolonelo akufuna kudziwa kumene kwapita bataliyoni yawo yachinayi, ndipo mtembo suyankha mafunso. Mukaomba, ndikalemba zimene ndaona. Bataliyoni mukugwirizirayi mukudziwa kuti ena akuifuna."

Dzanja la Kaputeni linatsika pang'onopang'ono. Khoswe anali atakhala pamkhate.

Ofesala uja anatsika pakavalo, napereka sawatcha kwa Drenkov, namupatsa kansalu koti apukutire magazi.

"Dzina ndi udindo, bwana? Lefitenanti? Pepani ndi zimene zachitikazi. Kwerani, muli madzi ndi buledi m'ngolomo. Jekete lanu ndi ili? Tengani, kulikulu kuli telala, akusokererani nyota zina."

Podutsa analambalala mtembo wa telala uja kuti asadetse nsapato. Sajeni Vučeta anamufunsa kuti nanga otsalawa atani nawo.

"Pepala likunena za maofesala," anayankha akukwera kavalo. "Asilikali wamba ndi nkhani ya bataliyoni."

Drenkov anakwera ngolo. Atakhala pansi anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena kanthu kwa anthu ake, koma woyendetsa anakwapula akavalo, ngolo n'kutuluka pachipata. Anthu ake otsala aja anaiperekeza ndi maso mpaka fumbi litatha.

Velyo anali akadali chogwada, koma tsopano ankaseka ndi misozi, akupukuta mphuno.

"Mwaona, bwana Kaputeni? Mwamupeza. Ndibwerere mumzere? Munanena kuti tibwerera mumzere."

Kaputeni anakhala pa mwala wa mphero, nayatsa ndudu. Anasuta mpaka theka. Nkhope yake inali itatuwa ngati phulusa.

"Mutu autenga," anatero potsiriza. "Atisiyira manja. Chabwino, ndi manja omwewo amene anabaya." Analoza ndi ndudu. "Sajeni, mzere woyamba wonse, pamodzi ndi awiriwa, kuseri kwa chigayo. Otsalawo akumbe."

"Bwana," anatero Vučeta motsitsa, "anthuwa anakweza manja."

"Milun analibe n'komwe nthawi yokweza manja. Kapena nawenso maso afooka?"

Vučeta anamvera lamulo. Anali atatsala ndi zaka ziwiri zokha kuti apume pantchito.

Obrad anadziponya patsogolo pa Kaputeni.

"Bwana, munalonjeza! Ndakupatsani munthu munkamufuna. Wometayu sanabaye munthu, mfuti yake satha n'kuitsegula komwe. Anandimwetsa msuzi ndi supuni ine ndikufa. Chonde, bwana, mundipatse ine zikwapu."

"Ukanalankhula nditakufunsa koyamba," anatero Kaputeni mofatsa, "bwenzi galu uja ali gone apo ngolo isanafike, telala ali moyo, mnzakoyu ali moyo, ine nditapita kukaika m'bale wanga. Mphindi khumi unandidyera ndi bodza lako. Wawapha ndiwe anthuwa, Tanasić, osati ine." Anaponda ndudu. "Kunamiza mtsogoleri pankhondo chilango chake ukuchidziwa. Koma ndine munthu wachifundo. Wometayo ndi wako. Ukamaliza, za bodza lija ndaiwala. Ukakana, uima naye limodzi, ndipo ndikalembera mkazi wako kuti unagulitsa anzako kwa adani. Mudzi wonse ukamva pa tchalitchi."

Kuseri kwa chigayo kunali khoma lalitali la miyala ndi zitsamba zoyabwa. Anawaimika anthu khumi ndi awiri. Ena ankapemphera, akudzilemba mtanda chimodzimodzi ngati mmene amachitira amene anawalozetsa mfuti. Wina ankatukwana Drenkov ndi amayi ake. Velyo anamuika payekha kumapeto, pafupi ndi ngalande.

Anali atasiya kulira. Anamuyang'ana Obrad akubwera ndi mfuti, ndipo nkhope yake inaoneka ngati ya munthu amene wauzidwa nthabwala yosaseketsa.

"Ndiwe? Akupatsa iwe?"

"Velyo, m'bale wanga..."

"Usanditchule m'bale. Ndikanakusiya akuponye m'khola muja, nsabwe zikudye." Anapuma mwamphamvu. "Ndinamuyang'ana, Obrad. Ndikanatha kumuloza ndekha, koma ndinati atuluka. Chitsiru ine. Zaka ziwiri!"

Mfuti za ena zinalira pamodzi, phuu, anthu n'kugwa ngati matumba. Velyo anadzidzimuka, mkodzo n'kutsika m'buluku lake. Anayang'ana pansi mwamanyazi.

"Taona zimene wandichititsa. Manja akowo akunjenjemera, bulu iwe. Yandikira, usandipweteke kawiri."

Obrad anayandikira. Anatseka maso pokoka, ndipo chifukwa cha chimenecho chipolopolo chinalowa m'mimba. Velyo anagwa akukuwa, mawu aakulu osayenera kamunthu kotero, akuitana dzina la mkazi wake, zala zikukanda dothi. Obrad analimbana ndi mfuti, chipolopolo chachiwiri chikukana kulowa, manja ali thukuta lokhalokha. Palibe anamuthandiza. Kaputeni anali ataima pakona ya khoma, manja kumbuyo, ndipo anagwira mkono wa Vučeta pamene nkhalambayo inafuna kupita kukamaliza. Pamene chachiwiri chinalira, Velyo anali atamugwira Obrad mwendo wa buluku, ndipo anachita kumasula zala zija chimodzichimodzi.

Otsala aja anakumba dzenje limodzi m'munda wa anyezi wa mwini chigayo. Masana omwewo bataliyoni inalandira lamulo lopita kuphiri lina. M'lipoti munalembedwa kuti akaidi khumi ndi atatu anafa poyesa kuthawa, ndiponso kuti Kopolo Tanasić anathandiza kwambiri pozindikira magulu a adani ndi atsogoleri awo. Patatha sabata anamukweza kukhala sajeni. Anzake anamugulira rakiya, iye anamwa mpaka kusanza, ndipo anapitiriza kumwa masiku otsatira. Kaputeni Rajić anakhala Meja mwezi usanathe.

Nkhondo ya pachibaleyo inatha patangopita masabata asanu. Akuluakulu anasainirana mapepala, malire n'kuikidwa kutali ndi Suva, moti kamtsinje kaja sikanakhalenso ndi ntchito kwa wina aliyense.

Chakumapeto kwa chilimwe gulu la Obrad linaikidwa kulondera siteshoni ina yaing'ono, tsiku limene sitima yobweza akaidi kwawo inkadutsa. Mabogi a kumbuyo anali a ng'ombe, odzaza asilikali wamba, manja ali tolotolo m'mipata ya matabwa kupempha madzi. Kutsogolo kunali bogi limodzi la mipando ndi makatani. Mkulu wa pasiteshoni anabwera akuthamanga.

"Sajeni, imika anthu ako mumzere! M'bogi loyambalo muli maofesala. Kwabwera lamulo lakuti tiwapatse ulemu wawo, tsopano ndi mtendere."

Sitima inaima kuti imwe madzi, ndipo windo lachitatu linaima ndendende patsogolo pa Obrad. Drenkov anali m'katimo, atanenepa pang'ono, chipsera chopyapyala chili patsaya, nyota zatsopano zikuwala paphewa. Ankasewera makadi ndi anzake. Anakweza maso, nakumana ndi a Obrad. Anakhala choncho kanthawi, khadi lili m'mwamba. Mnzake anamugunda ndi chigongono kuti aponye, iye n'kuponya, osayang'ananso kunja.

"Sajeni, wagona?" anakuwa mkulu wa pasiteshoni. "Lamula anthu ako!"

Obrad analamula. Mfuti khumi ndi ziwiri zinakwera pamodzi, iye n'kuika dzanja pachipewa. Analisunga pomwepo mpaka bogi la makatani litadutsa, ndipo mabogi a ng'ombe atayamba kudutsa, mkulu uja anati tsopano atha kutsitsa.